Kodi Ngozi Imasankha Munthu?

Pakagwa ngozi yaikulu, monga chigumula, chilala kapena namondwe, pamamveka mawu amodzimodzi pa maliro ndi pa misonkhano ya chipepeso. Akuluakulu amaimirira nati tsoka silinunkha, imfa sisankha, ndipo madzi osefukira sadziwa wolemera kapena wosauka. Mawu otere ndi abwino potonthoza anamfedwa, ndipo palibe munthu wanzeru amene angawatsutse pa siwa. Koma maliro akatha dziko liyenera kudzifunsa ngati mawuwo ali oona onse kapena mbali imodzi chabe, pakuti yankho la funso limeneli ndi limene limaonetsa kumene ndalama za boma zipite, kumene chipatala chimangidwe, ndiponso khomo limene wopulumutsa anthu ayambire kugogoda.

Kwa zaka zambiri tsopano anthu ophunzira a m'sukulu za ukachenjede akhala akufufuza funso limeneli. Amawerenga zikalata za imfa, amayenda khomo ndi khomo, nayerekeza dera lina ndi linzake. Zimene apeza m'maiko otalikirana zikugwirizana modabwitsa. Mphepo ndi madzi sizisankha, zimenezo nzoona. Koma imfa imayenda m'njira zimene umphawi, matenda a mgonagona, ukalamba ndi kusowa anansi zidalambula kale ngoziyo isanagwe. Makolo adaziona zimenezi pamene adati mvula ikakuona litsiro sikata. Kafukufuku wotere, tsono, ndi chida chopulumutsira moyo chofanana ndi bwato kapena mankhwala, ndipo dziko limene limagwa m'ngozi chaka ndi chaka silingathe kukhala popanda chida chimenechi.

Sabata Imodzi ku Chicago

M'mwezi wa Julaye chaka cha 1995 mzinda wa Chicago, m'dziko la Amereka, udapsa ndi dzuwa. Pa 13 Julaye kutentha kudafika madigiri 41, ndipo chifukwa cha chinyontho chochuluka mumpweya thupi la munthu limamva ngati kwaposa pamenepo. Usiku nawo sudabweretse mpumulo. Magetsi adazima m'madera ena, zipatala zoposa 20 zidadzaza mpaka kuyamba kubweza odwala atsopano, ndipo nyumba ya chisoni idachepa kotero kuti kampani ina yogulitsa nyama idabwereketsa magalimoto ake oziziritsa kuti asungiremo mitembo. Atawerengetsa bwino, a zaumoyo adapeza kuti pakati pa 14 ndi 20 Julaye padafa anthu 739 kuposa amene amafa m'sabata wamba ya mwezi umenewo. Padalibe nyumba imene idagwa, padalibe mlatho umene udakokoloka, komabe mzinda wolemera choterowo udataya anthu mazanamazana m'masiku asanu ndi awiri.

Poyamba akuluakulu a mzindawo sadafune kuvomera. Meya wa nthawi imeneyo, Richard Daley, adakayikira poyera chiwerengero chimene dokotala wamkulu woyeza mitembo, Edmund Donoghue, adali kulengeza, ponena kuti anthu amafa tsiku ndi tsiku ndipo si imfa iliyonse imene ingakankhidwire ku dzuwa. Koma ofufuza a boma la Amereka atabwera adapeza kuti dokotalayo sadakokomeze. M'chaka cha 1996 adafalitsa zimene adapeza atayerekeza anthu amene adafa ndi anansi awo amene adapulumuka. Imfa idagwira kwambiri anthu okhala okha, anthu amene samatuluka m'nyumba tsiku ndi tsiku, odwala ogona pamphasa, okhala m'zipinda za pamwamba penipeni pa nyumba zosanja, ndi amene adalibe makina oziziritsira mpweya. Pafupifupi anthu atatu mwa anayi alionse amene adafa adali a zaka zoposa 65. Ena adapezeka m'zipinda zotseka mazenera, chifukwa adaopa mbala kuposa dzuwa. Mitembo 41 idasowa wachibale woitenga, ndipo boma lidaiika m'manda amodzi.

Madera Awiri Oyandikana

Pamenepa mpamene katswiri wa za kakhalidwe ka anthu, Eric Klinenberg, adafunsa funso lina. Madokotala adali atanena mtundu wa munthu amene adafa; iye adafuna kudziwa mtundu wa malo amene anthu adafera. M'buku lake lotchedwa Heat Wave, limene lidatuluka m'chaka cha 2002, adayerekeza madera awiri ochita malire: North Lawndale, kumene kumakhala anthu akuda, ndi South Lawndale, kapena kuti Little Village, kumene kumakhala anthu ambiri ochokera ku Mexico. Madera onse awiri adali osauka, ndipo nkhalamba zosauka ndi zokhala zokha zidalipo uku ndi uku pa mlingo wosasiyana kwenikweni. Dzuwa lidawomba chimodzimodzi. Komabe ku North Lawndale kudafa anthu 19, pamene ku Little Village kudafa atatu okha. Powerengera kuchuluka kwa anthu a m'dera lililonse, imfa ku North Lawndale idaposa ya ku Little Village pafupifupi kakhumi.

Chifukwa chake chidali m'mbiri ya malowo. North Lawndale lidali dera la mafakitale ndi makampani aakulu, koma makampaniwo atatseka kapena kusamuka anthu nawo adathawa. M'chaka cha 1960 kudali anthu pafupifupi 125,000. Pofika 1990 adatsala osakwana 50,000. Masitolo adatsekedwa, nyumba zidasanduka mabwinja, ndipo m'misewu mudatsala achifwamba ndi ogulitsa mankhwala ozunguza bongo. Nkhalamba ya kumeneko idalibe koyenda ndiponso idalibe chifukwa chotulukira. Ku Little Village kudali kosiyana. Misewu idali yodzaza ndi ogulitsa malonda, masitolo adali otsegula, matchalitchi adali ndi anthu, ndipo gogo akatenthedwa amatuluka kukakhala m'sitolo yozizira pakati pa anthu omudziwa. Akapanda kuoneka tsiku limodzi, wina amafunsa.

Wina akhoza kuganiza kuti kusiyanaku kudachokera ku mtundu wa anthu kapena miyambo yawo. Klinenberg adayankha poonetsa madera ena awiri oyandikana, Englewood ndi Auburn Gresham, kumene konse kuwiri kumakhala anthu akuda pafupifupi okhaokha. Ku Englewood kudafa anthu 33 pa anthu 100,000 alionse, pamene ku Auburn Gresham kudafa atatu pa chiwerengero chomwecho, kuchepera ngakhale madera ena a anthu olemera. Dera loyambalo lidali litatha anthu ndi malonda. Lachiwirilo lidasunga masitolo ake, timabungwe take ta m'misewu ndi kudziwana kwa anansi.

Monga mwa mwambo wa anthu ophunzira, zimene Klinenberg adalemba sizidangolandiridwa ndi manja awiri. M'chaka cha 2006 katswiri mnzake, Mitchell Duneier, atacheza ndi abale ndi anansi a anthu ena amene adafa ku North Lawndale, adanena kuti mowa ndi mankhwala ozunguza bongo zidali ndi mbali yaikulu pa imfa zambiri za kumeneko, ndipo adachenjeza kuti chithunzi cha dera lonse sichifotokoza imfa ya munthu aliyense payekha. Kutsutsana kotere nkwabwino, chifukwa ndiko kumasula choonadi monga mphale imayera ndi kusinja. Ndipo ngakhale otsutsanawo sadabwerere ku mawu akuti lidapha ndi dzuwa basi. Mzinda wa Chicago nawo udaphunzira. Kutatenthanso koopsa m'chaka cha 1999, akuluakulu adatsegula nyumba zozizira zothawiramo, napereka magalimoto aulere opitira kumeneko, natuma antchito kuimba lamya ndi kugogoda pa makomo a nkhalamba. Adafa anthu pafupifupi 110. Imfa 110 si zochepa, koma zili kutali ndi 739.

Kuwerenga Akufa

Phunziro lachiwiri likuchokera pa chilumba cha Puerto Rico, chimene chili pansi pa ulamuliro wa Amereka. Namondwe wotchedwa Maria adawomba chilumbachi pa 20 Sepitembala 2017, ndipo kwa miyezi yambiri boma la kumeneko lidaumirira kuti adafa anthu 64. Ofufuza a ku yunivesite ya Harvard pamodzi ndi anzawo a pachilumbapo adayendera mabanja 3,299 kufunsa za maliro amene adagwa pakhomo, ndipo m'mwezi wa Meyi 2018 adanena kuti ofa ayenera kuti adali zikwi zingapo. Pa imfa zitatu zilizonse zimene mabanjawo adafotokoza, imodzi idadza chifukwa cha kuchedwa kapena kudukiza kwa chithandizo cha kuchipatala. M'mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho ofufuza a ku yunivesite ya George Washington, amene boma lenilenilo lidawatuma, adapeza imfa 2,975 m'miyezi isanu ndi umodzi, ndipo boma lidavomera chiwerengero chimenechi. Adapezanso kuti imfa idachuluka m'maboma osauka ndi pakati pa abambo okalamba.

Kusiyana kwa 64 ndi 2,975 nkwakukulu, ndipo kukuonetsa chinthu chimene anthu ambiri sachiganizira. Namondwe amapha kawiri. Koyamba amapha ndi madzi ndi zipupa zakugwa, ndipo imfa zimenezi zimaoneka ndi kuwerengedwa. Kachiwiri amapha mwakachetechete kwa miyezi: wodwala shuga amene mankhwala ake aonongeka posowa pozizira, wodwala impso amene makina ake aima magetsi atazima, mayi woyembekezera amene msewu wa kuchipatala waduka. Ku Puerto Rico padatenga pafupifupi miyezi 11 kuti magetsi abwerere pena paliponse. Pa chikalata cha imfa ya anthu otere pamalembedwa matenda a mtima kapena shuga, ndipo dzina la namondwe silionekapo. Boma limene limaleka kuwerenga madzi akaphwa limadzinamiza lokha, ndipo chaka chotsatira limakonzekera ngozi yaing'ono kuposa imene ikubwera.

Dokotala wina wa m'mudzi wa anthu a m'migodi ya malasha ku Wales, Julian Tudor Hart, adalemba m'chaka cha 1971 kuti chithandizo chabwino cha kuchipatala chimakonda kuchepa kumene chikufunika kwambiri. Adanena zimenezi za masiku a mtendere, koma ngozi ikagwa mpamene zimaonekera poyera. Dera limene lili ndi chipatala chimodzi chaching'ono, namwino mmodzi ndi msewu umodzi limataya zonse mlatho umodzi ukakokoloka.

Njala ya 1949

Wowerenga asaganize kuti nzeru zimenezi ndi za kunja kokha. Kafukufuku mmodzi wodziwika kwambiri pa nkhani imeneyi adachitikira m'dziko lomwe lino. Megan Vaughan, amene adaphunzitsapo mbiri yakale ku Chancellor College ku Zomba, adafufuza za njala ya 1949 m'boma la Blantyre, makamaka cha ku Lunzu ndi ku Lirangwe, ndipo buku lake lotchedwa The Story of an African Famine lidatuluka m'chaka cha 1987. Akuluakulu a nthawi ya atsamunda adali ndi zifukwa zawo za njalayo: mvula idadula, anthu adachulukana, nthaka idaguga, alimi adatanganidwa ndi fodya. Vaughan adawerenga makalata awo, koma adakhalanso pansi ndi amayi okalamba, namvetsera nyimbo zimene amaimba pamtondo.

Zimene adapeza nzakuti njalayo sidagwire anthu mofanana. Amuna amene adali pa ntchito yolipidwa adali ndi ndalama kapena phoso la kwa bwana. Amuna ambiri adachoka m'midzi kukafuna chakudya, ndipo ena sadabwerere mpaka njala itatha, ena sadabwererenso konse. Amayi amene adazolowera kupeza ndalama pofulula mowa adataya mpata umenewo chimanga chitasowa. Ogawa chakudya a boma adaganiza kuti mkazi wokwatiwa ali ndi mwamuna womusamala, motero mayi wosiyidwa ndi mwamuna amavutika kuti alandire thandizo, chifukwa m'maso mwa boma adali ndi womudyetsa. Ozunzika koposa adali amayi otere, ana awo aang'ono, ndi nkhalamba zimene abale adazisiya. Zimenezi sizikadadziwika powerenga matumba a chimanga amene adagawidwa. Zidadziwika chifukwa munthu wina adafunsa kuti: adavutika ndani, ndipo chifukwa chiyani iyeyo osati mnansi wake?

Funso lomwelo likudikira mayankho pa ngozi za masiku ano. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wotchedwa Freddy adagwetsa mvula yosalekeza m'chigawo cha kummwera. Matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu mapiri adagumuka. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa madzi adamiza midzi. Anthu oposa 600 adatsimikizika kuti adafa, oposa 500 adasowa osapezeka, ndipo oposa 600,000 adasiya nyumba zawo. Namondweyu adapeza dziko lili kale pa mliri wa kolera umene udayambira ku Machinga m'mwezi wa Malichi 2022, pambuyo pa namondwe wa Ana, ndipo mliriwo udapha anthu oposa 1,700. Akuluakulu a ku Phalombe adakumbukira Napolo wa 1991, ndipo a ku Zomba amasimbabe za wa 1946.

Ziwerengero zimenezi zikunena kuchuluka kwa maliro, koma ntchito ya ofufuza imayambira pamene ziwerengero zathera. Munthu samanga nyumba m'mbali mwa phiri kapena m'khwawa chifukwa cha umbuli. Amamanga pamenepo chifukwa mpamene ndalama zake zidafikira, ndipo mpafupi ndi kumene amapeza ganyu. Nyumba ya zidina imasungunuka pamene ya njerwa zootcha ikuima. Mnyamata amathawa mkokomo wa madzi usiku, koma gogo, wolumala ndi mayi wobereka mwana kumbuyo sathamanga. Madzi ataphwa imayamba imfa yachiwiri ija. M'dziko muno muli anthu pafupifupi miliyoni imodzi amene ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo ambiri mwa iwo amadalira mankhwala a tsiku ndi tsiku. Palinso odwala chifuwa chachikulu, khunyu, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Chigumula chimatenga botolo la mankhwala pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala. Munthu wotere akamwalira miyezi itatu pambuyo pake, kumudzi, osafika ku chipatala, dzina lake silimalowa m'kaundula wa ophedwa ndi namondwe.

Otsutsa Ali ndi Mfundo

Alipo anthu amene amati dziko losauka lisataye ndalama pa mafunso pamene anthu akufuna ufa, mabulangete ndi malata. Amatinso chimene ofufuza amapeza ndi chodziwika kale, pakuti ndani sadziwa kuti wosauka ndiye amavutika? Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu, koma ikuphonya penapake. Ku Chicago madera onse awiri adali osauka, komabe powerengera kuchuluka kwa anthu, imfa m'dera lina idaposa ya m'linzake pafupifupi kakhumi. Kudziwa kuti osauka amafa sikuuza munthu khomo loyambira. Thandizo likakhala lochepa mpamene pafunika kudziwa bwino lomwe kumene lipite. Wolemera akhoza kumwaza, wosauka ayenera kulunjika.

Dziko la Bangladesh ndi umboni wake. M'mwezi wa Novembala 1970 namondwe adapha anthu osachepera 300,000 m'mphepete mwa nyanja ya kumeneko, ndipo wa mu Epulo 1991 adapha pafupifupi 138,000. Ofufuza amene adayendera midzi pambuyo pa namondwe wa 1991 adapeza kuti imfa idachuluka pakati pa ana osakwana zaka khumi ndi amayi opitirira zaka 40, ndiponso kuti m'midzi imene adafufuzamo onse amene adathawira m'nyumba za simenti kapena za njerwa adapulumuka, pamene mwa amene sadafikeko adafa oposa mmodzi mwa asanu alionse. Adaonanso kuti ambiri adamva chenjezo koma sadachoke. Dzikolo lidamanga nyumba zothawiramo zikwizikwi, zambiri mwa izo zogwira ntchito ngati sukulu masiku wamba, lidalimbikitsa gulu la anthu odzipereka oyenda ndi zimkuzamawu m'midzi, limene lidayamba m'chaka cha 1972, ndipo lidalowetsamo amayi ambiri kuti amayi anzawo amve chenjezo kuchokera kwa munthu womukhulupirira. Namondwe wamphamvu wotchedwa Sidr atawomba m'mwezi wa Novembala 2007 adapha anthu osakwana 5,000. Bangladesh sidayembekeze kulemera kuti ichite zimenezi.

Dandaulo lachiwiri nlolemera koposa, ndipo likuchokera kwa anthu a m'midzi eni ake. Amati alendo amabwera ndi magalimoto ndi mapepala, amafunsa mayi wofedwa kuti adadya kangati dzulo, nalemba, nachoka osabweranso. Zimene apeza zimakasindikizidwa m'Chingerezi chovuta m'magazini a ku London kapena ku Boston, amene ngakhale mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo sadzawaona. Dandaulo limeneli nloona nthawi zambiri, ndipo ophunzira ayenera kulimva ndi manyazi. Amene watunga pachitsime cha mudzi ali ndi ngongole kwa mudziwo. Mankhwala ake si kuleka kufufuza, koma kubweza zimene zapezeka kwa eni ake m'chilankhulo chawo, pabwalo la mfumu, kumene angathe kutsutsa ndi kuwongolera.

Pali chenjezo linanso pa mawu amene ophunzira ndi mabungwe awakonda masiku ano, akuti anthu akhale opirira ndi odzidalira pa ngozi. Mawuwa ndi abwino akatanthauza chipatala cholimba, mlatho wokwera, chenjezo lofika msanga ndi anansi odziwana. Koma akhoza kusanduka njira yaulemu yosambira m'manja, pamene akuluakulu ayamikira kupirira kwa anthu osauka nawasiya apirirenso chaka chamawa. Anthu a m'chigwa cha Shire akhala akuuzidwa kwa zaka zambiri kuti asamukire kumtunda, ndipo akabwerera amatchedwa osamva. Wofufuza wabwino amafunsa chimene chikuwabweza, ndipo amapeza dimba lobereka kawiri pachaka, nsomba, manda a makolo, ndi kumtunda kopanda munda. Munthu amene akusankha pakati pa chigumula cha mwina ndi njala yotsimikizika sali wopusa. Ubale wa anansi udapulumutsa nkhalamba za ku Little Village, koma ubalewo udali ndi poimira: misewu yoyendeka, masitolo ndi ntchito. Umodzi wa m'mudzi sungalowe m'malo mwa udindo wa boma.

Zoyenera Kuchitika

Dziko lino silikuyambira pachabe. Lili ndi nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo m'chaka cha 2023 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano la za ngozi m'malo mwa la 1991. Lili ndi sukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ya Kamuzu, sukulu ya sayansi ya ku Thyolo imene imaphunzitsa za kuthana ndi ngozi, ndi likulu lofufuza za kakhalidwe ka anthu ku Zomba. Ku Chilumba m'boma la Karonga ofufuza akhala akulemba kubadwa ndi kumwalira kwa anthu a m'midzi yozungulira kwa zaka zoposa 20, umboni wakuti kalembera wotere ngwotheka ngakhale kumudzi. Koposa zonse lili ndi alangizi a zaumoyo, amene amadziwa khomo lililonse la m'dera lawo.

Choyamba, mudzi uliwonse ndi dera lililonse la m'tauni limene limakhudzidwa ndi madzi likhale ndi kaundula wa anthu osatha kudzithawitsa okha: nkhalamba zokhala zokha, olumala, amayi oyembekezera ndi odwala omwa mankhwala a tsiku ndi tsiku. Kaundulayu alembedwe m'chilimwe ndi mlangizi wa zaumoyo pamodzi ndi mfumu ndi komiti ya m'mudzi, asungidwe mwaulemu ndi mwachinsinsi, ndipo pa dzina lililonse pakhale dzina la mnansi amene adzagogode pakhomopo chenjezo likamveka. Ntchito imeneyi imafuna kope ndi cholembera.

Chachiwiri, kuwerenga akufa kusathe madzi akaphwa. Sukulu za ukachenjede zipatsidwe udindo ndi ndalama zobwerera m'madera okhudzidwa patapita miyezi isanu ndi umodzi, kukafunsa mabanja za maliro onse, kuyerekeza ndi zaka za mtendere, ndi kulengeza zimene zapezeka ngakhale zitakhala zowawa kwa olamulira. Boma la Puerto Rico lidachita manyazi ndi chiwerengero cha 2,975, koma manyazi a boma ngopepuka poyerekeza ndi maliro obwerezabwereza.

Chachitatu, zipatala zazing'ono za m'madera a chigumula zilandire mankhwala a miyezi ingapo dzinja lisanayambe, ndipo odwala matenda a mgonagona apatsidwe okwanira kudutsa nyengo ya mvula. Chachinayi, popeza sukulu ndi zimene zimasanduka misasa ngozi ikagwa, zomangidwa m'madera otere zimangidwe pamalo okwera, zolimba, zokhala ndi zimbudzi zokwanira ndi mjigo, kuti anthu othawa madzi asakakumane ndi kolera, ndiponso kuti ana asataye miyezi ya maphunziro. Chachisanu, wofufuza aliyense amene walandira chilolezo chofunsa anthu mafunso alonjeze kudzabweza zimene wapeza m'Chichewa, m'Chisena, m'Chilomwe, m'Chiyao, m'Chitumbuka kapena m'chilankhulo china cha eni dera, ndipo wosakwaniritsa lonjezo asapatsidwenso chilolezo.

Palibe boma limene lingaletse namondwe kubadwa pa nyanja ya India, ndipo akatswiri a zanyengo akuchenjeza kuti dziko lapansi likamatentha mvula ya anamondwe idzanka ikula. Koma mbiri ya Chicago, ya Puerto Rico, ya Bangladesh ndi ya Lunzu ikuonetsa kuti kuchuluka kwa maliro kumakonzedwa ndi anthu m'zaka za mtendere, pamene asankha kumene amange chipatala, amene amulembe m'kaundula ndi amene amuiwale. Pa siwa anthu apitirize kutonthozana kuti imfa sisankha. Koma m'maofesi a boma, m'mabwalo a mafumu ndi m'sukulu za ukachenjede mufunsidwe funso limene Megan Vaughan adafunsa amayi a ku Lirangwe, ndipo mayankho ake agwiritsidwe ntchito mitambo ya dzinja likudzali isanadere.